Nthaka Si Mdani

Bambo Tak Man-seok ankasoka nsapato
pakona ya msika wa Jecheon,
m'kachipinda koti ukatambasula manja
umakhudza makoma onse awiri.
Munthu asanatsegule pakamwa
iwo ankatembenuza nsapato yake n'kuwerenga kunsi:
uyu amathawa ngongole,
uyu bondo lamanzere linamukana kalekale,
uyu ndi wamantha, amaponda ndi zala zokha.

Ine ndinapita ndi nsapato za abambo anga,
zaka khumi ndi ziwiri, mlomo uli ndundundu
anyamata akusukulu atandilandira.
Za mlomo sanafunse.
Anangoti, "Mawa, basi yoyamba isanadutse,
kuseri kwa fakitale ya simenti, pali mapaini atatu."

Ndinkafuna kumenya munthu.
Chaka chathunthu ndinangogwa.
Chagada, chammbali, chafufumimba,
pa fumbi, pa matope, pa chipale chofewa,
mpaka amayi anatopa n'kuchapa.
"Nthaka si mdani," ankatero,
"ndi mnansi amene sunamupatsepo moni."

Kenako mapazi.
Ponda apa, bwerera, ponda apo,
ngodya zitatu ngati mafuwa,
mawondo ofewa, manja lendelende ngati malaya onyowa pachingwe.
Ikeu! Ekeu! mpweya ukutuluka utsi m'chisanu.
Odutsa ankaseka: nkhalamba ikuphunzitsa ana kuvina.
Iwo ankati dzina lake ndi taekkyon,
analitola kwa munthu wotentha makala kumapiri
nkhondo itangotha, malipiro ake mbale ya balere.
Satifiketi analibe.
Lamba, ankati, ndi womangira buluku.

Ndinawaona akukwiya kamodzi kokha:
nditagwetsa mnzanga Gil-su, ndinaiwala kumudzutsa.
Sabata ziwiri sanandiyang'ane.

Tinafikapo makumi anayi pansi pa mapaini aja.
Kenako m'tauni munatsegulidwa masukulu a pansanjika,
magalasi khoma lonse, malamba amitundumitundu,
timinibasi tachikasu totenga ana pakhomo.
Tinatsala atatu:
ine, Bong Hye-ran woyendetsa basi,
ndi dokotala wa mano wongobwerera msana wake.
Nanenso ndinapita.
Ku Ulsan, kukawotcherera zitsulo za sitima zapamadzi.
Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi,
ngakhale kalata imodzi.

Nditabwerera kunali kozizira koopsa,
masitepe a msika ataundana ngati galasi.
Ndinawaona patali, msana utapindika,
m'dzanja muli mbale ya tofu.
Phazi linaterereka.
Mayi wogulitsa kabichi anakuwa,
ine mtima unali phaa!
Koma nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi atatu
inangodzipinda, gubudu, phewa, msana,
n'kudzuka ili chilili,
tofu ali wathunthu, osagumuka n'pakona pomwe.

Ndinawerama mpaka chipumi pafupi ndi mawondo.
Nkhope yanga sanaiyang'ane.
Anayang'ana pansi, pa nsapato zanga.
"Unasiya," anatero.
"Chidendene chadyekera kunja.
Vula."

Ndinaima pa nyuzipepala ndi masokosi okha
iwo akukhoma timisomali, atatiluma pakamwa,
manja akunjenjemera mpaka nyundo itafika pamsomali
pomwe ankasiya kunjenjemera.

Anamwalira mapaini akuwaza ufa wachikasu pamagalimoto.
Kumaliro kunabwera anthu amene sindinkawadziwa:
wapolisi, sisitere, mkulu wa banki,
onse polowa m'holo ankaponda mofanana,
mawondo ofewa.
Hye-ran anaimitsa basi panja, injini ikulira.

Anandisiyira zingano, nyundo
ndi phazi lachitsulo lokhomerapo.
Kusoka sindidziwa.
Mwa mapaini aja mwatsala umodzi,
pambali pake amaimikapo malole.
Loweruka m'mawa kumabwera ana asanu ndi awiri.
Dzulo wina, wa mlomo wotupa, wandifunsa
kuti tidzayamba liti kumenya.
Ndamuuza agwenso,
ulendo uno asatseke maso.